Kapu ya Lusiya Pachilumba

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Kuno ku Chifunde tilipo. Chimanga chadzaza nkhokwe imodzi ndi theka, mtedza wokha ndiwo watichititsa manyazi. Mdzukulu wanu Rozita wabereka mwana wamkazi, ndipo mbuzi za mlongo wanga Atanaziyo zatsala zinayi. Paja munkati, "Iwe Felisita, udzawerenga ndi ntchentche za pamaliro anga."

Nkhani yaikulu ndi iyi: ndinapita kwanu, ndekha.

Ana ndinawauza kuti ndikukapimitsa maso ku Tete, chifukwa ndikadanena zoona akadandibisira nsapato. Ndinakwera njinga yamoto, kenako shapa, timaminibasi tathu tija, mpaka kunyanja ya Cahora Bassa. Mudzi wanu uli pansi pa madzi chitsekereni Zambezi. Latsala ndi phiri lija munkatolako nkhuni, lomwe linasanduka chilumba chopanda munthu. Msodzi amene anandiolotsa anayang'ana imvi zanga n'kufunsa ngati ndasiya mawu kunyumba. Ndinangomuuza kuti adzanditenge dzuwa likapendeka.

Anthu akakufunsani kuti muli ndi ana angati, munkati asanu ndi mmodzi. Ife tikadziwerenga tinkapeza asanu, chifukwa Lusiya, woyamba wanu, anamwalira akuyamba kumene kuyenda, atate asanakutengeni kubwera nanu kuno. Pa matenda anu omaliza munkangodandaula kuti mwana ali yekha kuphiri. Njira munandiuza: kuchokera pamlambe wong'ambika, kukwera mtunda, muwanga wachisanu ndi chiwiri.

Mlambe ndinaupeza m'mphepete mwa madzi. Koma miwanga, Amayi! Nkhalango imeneyo inaiwala nkhwangwa kalekale. Ndinawerenga, ndinasokonezeka, ndinatsikira pamlambe n'kuyambiranso. Chitedze chinandiyabwa, minga ya kankhande inang'amba kapulana yanga, chitenje chomwe ndinavala, pena ndinkachita kukwawa, anyani akundiyang'ana ali pamiyala. Ine amene ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse ndinakhala pansi n'kulira. Sindinaganizepo kuti mitengo nayo imabereka.

Nditakhala choncho ndinaona phale pafupi ndi phazi langa. Patsogolo pake mphika woboola pansi, kenako wina. Ndinali nditakhala pakati pa manda osadziwa. Ndinaomba m'manja kupepesa eni ake, n'kuyamba kupalasa masamba ndi ndodo. Pamanda a ena panali miphika, koma inu munkati pa Lusiya munavundikirapo kapu yachitsulo, atate ataiboola ndi msomali kuti wina asaitole. Ndinaipeza itamira theka m'dothi, dzimbiri litaidya, mkombero wake wobiriwira ukuonekabe. Ndi inzake ya kapu ija munkatiletsa kumwera, imene ili m'kabati mwanga mpaka lero. Bwanji simunatiuze chifukwa chake?

Lusiya ndinamuuza kuti ndine mng'ono wake. Lilime linalemera, Amayi, nkhalamba ya imvi kuitana khanda kuti akulu anga. Ndinamuuzanso kuti simunamuchotse pachiwerengero ngakhale tsiku limodzi. Nditapemphera Tikuoneni Maria, ndinatapa dothi lodzaza manja n'kulimanga kumsonga ya kapulana. Kapu ndinaisiya, ndi yake.

Potsika ndinkachita kutsetsereka chokhala. Msodzi uja ataona mfundo ya kapulana anangovula chipewa.

Dothilo lili pansi pa mtanda m'chipinda mwanga. Pa tsiku la Finadu, lokumbukira akufa, tikamadzalambula manda, ndidzalithira pamanda anu, chakumanzere, kumene munkagoneka khanda. Kuchilumba sindidzabwererako, maondo andiuza kale. Ndimakusowani, makamaka tsopano pamene ndili ndi nkhani yoti mukadaimva ndi makutu anu.

Ndawerenganso bwinobwino: Lusiya, ine, Atanaziyo, Marita, Jowakimu, Sesiliya. Asanu ndi mmodzi.

Ndine wokukondani,
mwana wanu wachiwiri,
Felisita