Masamba a Ndimu m'Botolo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno mtima wakhalako pansi.

Mafuta onunkhira amene ndinkavutika kupanga aja atheka. Ndinkalakwitsa pothira makoko a ndimu, chonsecho amayi ankaika masamba ake m'sutikesi ya zovala zathu za kusukulu. Nditanyika masambawo m'mafuta, fungo la ubwana wathu linatulukira.

Dzulo ndinawapaka amayi pamkono. Pajatu chiyambire kuiwalaiwala kuja amandiyesa nesi. Ananunkhiza, n'kundiyang'anitsitsa, amvekere, "Kamphulupulu iwe, wayambanso kuthothola ndimu wanga? Nanga mlongo wako ali kuti?"

Ndinaseka mpaka misozi.

Zimene anena adokotala si zolemba m'kalata. Botolo lanu ndakusungirani, koma sindilitumiza. Mudzalitenge nokha, ndipo musachedwe.

Ndine mlongo wanu.