Ndevu za Telala

Lachiwiri, 4 Juni

Kuzizira. Bondo lakumanja layambanso. Anthu awiri okha m'mawa uno: mlonda wakale wa kusitolo ya zitsulo, ndi mkulu uja wogontha wofuna mpala nthawi zonse. Achinyamata sabwera kwa ine. Amafuna makina amagetsi ndi mizere m'mutu ngati munda. Apite.

Wina akumagwira chikwama changa cha zometera. Lamba wonolera lumo ndimamupinda chitsulo chili kunja, zaka makumi asanu tsopano. Madzulo ano ndamupeza chitsulo chili m'kati. Burashi yonyowa, pamene ine ndevu za munthu sindinamete chiyambire sabata yatha. M'nyumba muno tilimo atatu: ine, mwana wanga wamkazi, ndi mkamwini. Mkamwini ndevu zake n'zitatu, zochita kuwerenga. Sindinafunse. Munthu wamkulu safunsa, amayang'ana.

Lachinayi, 6 Juni

Kunabwera mkazi wa telala. Wakalamba, ndinachita kumuzindikirira mawu. Anaima pageti n'kuti alamu mwaswera bwanji, ngati tinaonana dzulo. Zaka 19 ndi miyezi iwiri.

Telala ali gone. Mwezi wachitatu uno. Kuchipatala anamubweza, akuti akapumire kunyumba. Tonse ndife akulu, tanthauzo lake tikulidziwa. Akuti amanditchula. Akuti wanena kuti lumo m'dera lino ndi limodzi lokha.

Ndinayankha kuti wometa mbuzi sameta anthu. Anayamba kuseka, n'kulekeza ataona kuti ine mano sindinaonetse. Mpando ndinamupatsa. Sanakhale.

Ndilembe pano nkhani yonse, kuti tsiku lina mtima ukadzafuna kufewa ndidzawerenge.

Khonde la sitolo ya nsalu, zaka 22. Iye ndi makina ake osokera kumanzere, ine ndi mpando wanga kumanja. Wailesi imodzi, ketulo imodzi. Anthu ankamutcha Singano, ine Lumo. Sukulu ine sindinapondeko ngakhale pakhomo. Bambo ankati dzanja ndiye sukulu. Nditagula bolodi ndi penti ndinapempha iyeyo, ndi kasukulu kake kaja, kuti andilembere PANO TIMAMETA BWINO. Analemba. Zilembo zofiira, zokongola. Masiku anayi anthu akudutsa akuseka, ine n'kumaseka nawo, ndimvekere bolodi yawasangalatsa. Mnyamata wina wapanjinga analira ngati tonde, ine n'kumubayibitsa. Tsiku lachisanu mwana wanga, akuchokera kusukulu yogonera komweko, sutikesi ili m'manja, anaima, anawerenga, n'kutsitsa bolodi osanena kanthu. Ndinamukakamiza. Anandiwerengera misozi ili chuchuchu: PANO TIMAMETA NDI MBUZI ZOMWE.

Tsiku lomwelo ndinasenza mpando n'kuwoloka msewu. Anabwera kawiri kudzapepesa. Akuti zinali zocheza, ankati afufuta madzulo ake, kenako anachita mantha. Ndinamupatsa nkhongo.

Zilembo ndikulembazi anandiphunzitsa mwanayo, tchuthi chomwecho, kuseri kwa kalendala. Ndili ndi zaka 54. Chala chinatupa ndi pensulo. Koma palibenso munthu adzandilembere bolodi.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinapita kukagula sopo. Njira yachidule ilipo, koma miyendo inandidutsitsa pakhonde paja. Tsopano amagulitsapo mafoni. Msomali umene tinkakolekapo wailesi udakalipo, wachita dzimbiri. Pansi pa simenti pali tidzenje tinayi, pamene pankakhala miyendo ya makina ake.

Phokoso la makina aja. Akakwiya ankapalasa mothamanga, akakhuta pang'onopang'ono. Ndinkadziwa za kunyumba kwake ndisanamufunse. Nsalu zofunditsa makasitomala pakhosi ankandisokera ndi zotsala za madiresi, ndiye abambo aulemu wawo ankametedwa atavala maluwa. Hedimasitala wina anakana, telala n'kumuuza kuti nsaluyo ndi ya diresi la mkazi wanu yemwe, kunyumba simuikana. Tinaseka sabata yathunthu.

Malemu mkazi wanga ankabweretsa chakudya masana, mbale imodzi, masipuni awiri. Nditawoloka msewu anapitirizabe kuika masipuni awiri mwezi wonse. Ine n'kumabweza imodzi yoyera.

Sopo wakwera mtengo, ndipo thovu lake n'lamadzimadzi.

Lamulungu, 9 Juni

Tikudya, mkamwini anayamba kutsokomola kwake kuja kofuna kulankhula. Akuti bambo, paja akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndinamuuza kuti ndevu za telala sizikupsa, zikungokula, ndipo nkhani za ndevu azikamba amene ali nazo. Mwana wanga maso ali m'mbale.

Masana a Lamulungu amandikumbutsa bambo. Nawonso anali wometa, pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Lamulungu dzuwa likapendeka ankatenga chikwama chomwechi, ine pambuyo. Tinkalowa m'nyumba za odwala, aja ogona miyezi, amene abale atopa nawo. Malamulo anayi: osalandira kanthu, osamwa tiyi, osadzutsa wogona, osauza munthu kumene tachokera. Ankati, "Wodwala akadziona kuti adakali munthu, mankhwala amalowa bwino." Tsiku lina ndinatseka mphuno m'chipinda cha mkulu wina wa zilonda. Titatuluka bambo anandipotokola khutu mpaka lero limatentha ndikakumbuka.

Iwo atapita ndinapitiriza ndekha. Mwana uyu atafika zaka zisanu ndi chimodzi ndinayamba kumutenga, poti amake Lamulungu ankakhala ku kwaya. Ntchito yake kugwira galasi. Ndi mmene anatengera dzina loti Kagalasi, ngakhale tsopano ndi mayi wamkulu wogulitsa matikiti a basi, wokhala ndi makiyi a ofesi. Ndinamuphunzitsa kuti wodwala akakhala wowonda kwambiri uzipendeketsa galasi, aone chibwano chokha chosalala, asaone maso olowa. Kamwana kanagwira msanga. Kankayamba kuyang'ana nkhope ya munthu, kenako n'kusankha kokha mopendeketsera.

Lumo lokha sindinamugwiritse. Ndinkati si la akazi.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndamugwira wakuba.

Masana ndinagona pampando monga mwa masiku onse, chipewa kumaso, koma diso limodzi lili pantchito. Geti kwee. Kagalasi, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi, nsapato m'manja. Analowa kuchipinda kwanga, n'kutuluka chikwama chili m'khwapa. Ndinamutsatira chapatali, bondo likutukwana. Anadutsa pampopi, anakhota pa chigayo, n'kulowa nyumba ya chitseko chobiriwira. Kwa telala.

Ndinaima kuseri kwa mpanda wa maluwa ngati mbala, ine munthu wa zaka 73. Windo linali lotsekula. Nkhope ya telala sindinaione, koma dzanja la mwana wanga. Zala ziwiri zikukoka khungu, chala chaching'ono chili m'mwamba. Kagwiridwe kanga. Kagwiridwe ka bambo. Anamuphunzitsa ndani? Palibe. Zaka zonse zija ine ndimayesa akuyang'ana galasi.

Ndinabwerera n'kukhala pakhonde, chipewa pabondo. Atandipeza sanabise chikwama. Akuti chiyambire Epulo, Lachiwiri lililonse, nthawi yopuma masana. Akuti anakumana ndi mkazi wa telala pamzere wa mankhwala. Ndinamufunsa ngati waiwala amene analira powerenga bolodi ija. Anati sanaiwale. Ndinati nanga bwanji ukundivula pamaso pa mdani wanga, ndi lumo langa lomwe.

Anayankha motsitsa mawu, ngati amake. "Bambo, nyumba zonse munkanditengera zija, sindinakumvenipo mukufunsa pakhomo ngati wodwalayo anakulakwiranipo."

Ndiye ndinamuuza kuti lamba amapinda molakwika.

Lachinayi, 13 Juni

Masiku awiri osalankhulana. Madzi otentha othowera bondo akubwerabe m'mawa uliwonse, amangoika pakhomo n'kugogoda kamodzi. Mkamwini akuyenda chonyang'ama ngati m'nyumba muli njoka.

Malemu mkazi wanga ankati Kagalasi mtima ndi wanu, koma wake ndi wochapa. Ndinkayesa akundiyamikira.

Pamaliro a mkazi wangayo, telala anabwera. Anaima kumbuyo kwenikweni, chipewa pachifuwa, jekete lake la mabatani osiyana. Telala wosoka za anthu, zake zomwe osazisamala. Ndinamuona. Iye anaona kuti ndamuona. Ndinatembenuka. Izi sindinalembepo, ndalemba lero.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere si chimenecho. Pawindo paja ndinaona bwinobwino. Mwanayu pansi pa chibwano amakweza lumo mobwerera. Khungu la nkhalamba n'lopyapyala ngati pepala lonyowa, limafuna kutsatira mmene ndevu zagonera. Tsiku lina adzamucheka. Ndipo anthu adzati lumo lake ndi la kwa Lumo. Dzina ndi langa.

Lolemba, 17 Juni

Kagalasi walankhula yekha. Anaima pakhomo la chipinda changa osalowa. Akuti telala wasiya kudya chiyambire Loweruka, akungomwa madzi a pasipuni. Akuti sakundipempha kanthu, wangoti ndidziwe.

Ndinamuuza kuti mawa chikwama asachigwire. Ndipita ndekha kukakonza zimene wakhala akuwononga. Kukakonza ntchito basi, asaganize zina. Anati chabwino bambo. Pochoka ndinamumva akufwenthera pakhonde, kaya kuseka kaya kulira.

Ndanola lumo mpaka likudula tsitsi lili m'malere. Ndachapa nsalu. Malaya oyera aja kolala yatha, komabe ndi amenewo.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndinapita. Kagalasi anandiperekeza mpaka pachitseko chobiriwira n'kubwerera kuntchito.

Chipinda chaching'ono. Makina aja ali pakona, ofunditsidwa, pamwamba pake mabotolo a mankhwala ndi kapu ya sipuni. Fungo ndikulidziwa kuyambira ubwana. Mphuno sindinatseke. Pabedi kamunthu, mikono ngati ndodo za ambulera. Singano weniweni tsopano. Munthu uja ankadya mbale yanga theka ndi theka n'kupemphanso.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako timawu ta pansi: "Lumo, wakalamba moipa."

Ndinamuuza kuti iye ndiye akuoneka ngati burashi yotsukira mapoto. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, mkazi wake n'kuthamangira ndi madzi.

Ndinamufunditsa nsalu. Anaisisita ndi chala, anaitembenuza kuona msoko, n'kunena kuti ulusi umenewu masiku ano kulibe. Madzi oyamba anati akuzizira. Achiwiri anati ndikufuna kumusupula ngati nkhuku. Sanasinthe. Achitatu analola.

Ndikupaka thovu anandigwira dzanja. Anati pali mawu, za bolodi ija, akhala nawo nthawi yaitali. Ndinamupaka thovu pakamwa pomwe. Ndinati wometedwa salankhula, udzanena ndikamaliza. Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero. Mwina ndinaopa kuti akanena, dzanja langa linjenjemera.

Tsaya lakumanja, chibwano, pansi pa mphuno. Dzanja silinandichititse manyazi. Ndinamuuza za mafoni pakhonde pathu, za msomali wa wailesi, za hedimasitala wa maluwa. Ankamwetulira maso ali chitsinzinire. Ndikupukuta lumo kuti ndiyambe mbali inayo, ndinapeza wagona tulo, tsaya lakumanzere lili papilo. Mkazi wake anati masiku atatu sanagone chonchi. Anafuna kumutembenuza. Ndinakana. Wogona sadzutsidwa.

Ndinati ndibwera mawa m'mawa, ndipo akadzuka mumuuze kuti ndi ndevu za mbali imodzi sangapite kulikonse, angakamuseke.

Tiyi anandipatsa, ndinamwa. Bambo andikhululukire. Aka n'koyamba, ndipo kuja sikunali kwa wodwala wamba. Ndinamwa makapu awiri.

Kunyumba Kagalasi sanafunse kanthu. Anangondiwonjezera ndiwo. Ndamuuza kuti Lamulungu ndimusonyeza kametedwe ka pansi pa chibwano, ayesere pa ine. Mkamwini anatsamwa ndi madzi.

Lachitatu, 19 Juni

Madzi a bondo sanabwere. Kunabwera kugogoda kawiri. Kagalasi, osavala yunifolomu, mpango kumutu, chikwama changa chili kale m'manja.

Mbandakucha, akuti. Telala sanadzukenso.

Tinapeza anthu ayamba kusonkhana pakhonde. Abambo awiri a kutchalitchi kwawo anali pakhomo la chipinda, manja a malaya atapinda, akufuna kuyamba kusambitsa thupi. Mmodzi anati agogo dikirani panja. Anayankha ndi mwana wanga, mwaulemu koma osasuntha: "Apatseni kaye malo, ntchito sanamalize."

Ndinapempha madzi ofunda. Mkazi wake anati alamu, ofunda a chiyaninso? Ndinati mukumudziwa mwamuna wanu, ozizira akana. Anapita kukatereka.

Anatseka chitseko, tinatsala awiri. Ndinamutembenuza mutu pang'onopang'ono. Tsaya lakumanzere. Pansi pa khutu ndinaima, n'kuyambanso. Sindinamucheke. Zaka zonsezi sindinamuchekepo.

Ndinapukuta thovu, ndinapinda lumo, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Ndinamuuza kuti ndamaliza, Singano, nena tsopano mawu ako aja.

Ndinadikira ndithu.