Magazi a Amuna Anga Pakhoma

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Situdiyo tsiku lonse. Zithunzi za pasipoti basi. "Musamwetulire, kwezani chibwano." Pakamwa panga panazolowera, pamangolankhula pokha.

Masana kunabwera mayi aja a holo yoonetsera zithunzi. Atsimikiza. Chionetsero changa chilipo kumapeto kwa mwezi uno. Changa ndekha, koyamba, imvi zili mbuu. Zonse ndi zija ndimajambula pa maikulosikopu yanga yakale pathebulo la kuchipinda. Asankha cha mchere wouma pagalasi, cha dzimbiri, cha phiko la gulugufe, ndi cha nkhungu ya pabuledi. Akuti n'zabwino, koma palibe choimitsa munthu pakhomo. "Ndikufuna chimodzi choti munthu aiwale kumene amapita."

Mafelemu akwera mtengo. Kaya.

Amuna anga aweruka msanganso kugalaja. Akuti sipanala ikuwalemera. Munthu woti amanyamula giyabokosi yekha, anzake akungoonerera. Nkhama zikutuluka magazi akamatsuka mkamwa. Akuti ndi mswachi watsopanowu. Mswachiwo ndi wakalekale.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Chipatala. Ndachita kuwakoka ngati mbuzi. Atenga magazi, patapita nthawi abwera kudzatenganso ena. Namwino samatiyang'ana kumaso. Akuti tibwerenso, tidzaonane ndi dokotala wamkulu.

Ukangomva zoti "wamkulu", mtima umadziwiratu.

Pobwerera aima pamsika kundigulira malalanje. Odwala ndi iwo, ogulidwira malalanje ndine.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Khansa ya m'magazi. Yothamanga.

Dokotala ndi mayi wochepa thupi, wolankhula pansipansi. Wafotokoza bwino, koma ine ndimangomva ngati wailesi ya kwa aneba. Mankhwala alipo. Ayesa. Mawu akuti "tiyesa" anawatchula mobwereza.

Amuna anga sanagwedezeke. Chipewa pabondo. Kenako anati, "Adokotala, ine galimoto sindikonza ndisanaone chavuta. Ndionetseni." Dokotala anawayang'ana kanthawi, n'kutitengera kulabu, koyezera magazi. Amuna anga kusuzumira pamakina kunawakanika, amatsinzina diso lolakwika. Anaseka okha. Anati mayi awa ali ndi makina otere kunyumba, amaonerapo buledi wovunda, ndikaonere kumeneko modekha.

Dokotala watipatsa kagalasi kamodzi m'kabokosi kapulasitiki. Dontho la magazi awo lopakidwa mopyapyala, louma, lothiridwa utoto. Wati ndi magazi anu omwe, tengani.

Kali m'chikwama changa. Sindinakatulutse.

Lachinayi, 14 Ogasiti

M'mawa, iwo akadali mtulo. Ndinaika kagalasi kaja. Kamera ndinamangirira pa kachitsulo kaja anandisulira iwo kugalaja kuti izigwirana ndi maikulosikopu. Mpaka lero sikagwedera.

Ndinayembekeza chinthu chonyansa. Ndimafuna chinthu chonyansa, choti ndidane nacho.

Ayi ndithu. Kumbuyo kuwala kwa pinki wotuwa, ngati chikhato cha khanda. Timaselo tofiira, tochepa, tokhala ngati mabatani, tamwazikana m'mbali. Pakati pali zikuluzikulu zapepo, zodzaza, zothinana ngati zipatso panthambi, china chili ndi kadontho kowala mkati. Zaka zonsezi ndajambula mchere, sopo, mapiko, sindinaonepo chokongola chotere.

Ndinajambula. Manja anagwira ntchito okha, kusintha kuwala, kuwongola apa ndi apo. Nditatha ndinapita kubafa kukasanza.

Atadzuka ndinawaonetsa pakompyuta. Anayang'ana nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira. Anafunsa kuti zachokera kuti. Ndinabwereza za dokotala: sizinachokere kunja, ndi maselo awo omwe, amangoswana osakhwima, osagwira ntchito, n'kumalanda malo a anzawo.

"Ha. Zaka zonsezi osabereka, lero ndabereka mamiliyoni. Onse malova."

Ndinaseka. Kenako si kusekanso.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kwabwera alamu, achemwali awo aakulu a amuna anga. Abweretsa mabulangete, ngati kuno kulibe. Tinakhala pabalaza. Nkhani zozungulira, za mvula, za miyendo yawo yotupa.

Mwadzidzidzi amuna anga anati ndibweretse kompyuta. Anawaonetsa chithunzi chija, n'kunena kuti chipita kuchionetsero. Ine sanandifunse n'komwe. "Mayi aja amafuna choimitsa munthu. Ine chandiimitsa ntchito, chilephera bwanji kuimitsa odutsa?"

Alamu anayaka moto. Osati kwa mlongo wawo, kwa ine. Akuti ndakhala ndikujambula zowola zaka zonsezi iwo osayankhula, koma mlongo wawo si buledi wovunda. Akuti matenda a munthu sakolekedwa pakhoma kuti anthu azimwera juwisi. Akuti ndikufuna kutchuka ndi magazi a mwamuna wanga.

Mawu omalizawo ndinali nditadzifunsa kale ndekha, asanabwere.

Atapita ndinawauza amuna anga kuti sindichita. Anangoti, "Magaziwo ndi a ndani, amayi?"

Lachitatu, 20 Ogasiti

Awagoneka. Bedi la pawindo. Diripi yamankhwala ofiira ngati sobo. Akuti mkamwa mukumveka ngati ayamwa bawuti.

Kamera yanga yachiwiri ndagulitsa. Ija ya maukwati. Mankhwala ena n'ngogula tokha, mafelemunso akudikira. Wogulayo amanenerera ngati akugula tomato.

Mayi a holo anadutsa kusitudiyo kudzaona zomwe zasindikizidwa. Chija chinali pakompyuta, ndinaiwala kutseka. Anaima chikwama chili paphewa. "Ichi! Ichi ndiye. Ndi maluwa anji?" Nditawauza anakhala pansi pa kampando ka makasitomala. Anapepesa kangapo. Anati sandikakamiza, ndisankhe ndekha.

Ndekha bwanji? Mwini magazi akufuna. Mlongo wake akukana. Ine ndikufuna, ndiye chikundiopsa n'chimenecho.

Madzulo kuwodi ndinawafunsa chifukwa chake chenicheni. Anayankha maso ali kudenga. Akuti moyo wawo wonse akhala pansi pa galimoto za anthu, kuoneka mapazi okha. Akuti ntchito yanga aithandiza ndi zitsulo zadzimbiri ndi oyilo wakuda, tsopano ali ndi chinthu chabwinoko choti apereke. "Musindikize chachikulu. Ngati chitseko."

Lolemba, 25 Ogasiti

Chatuluka. Chachikulu ngati chitseko ndithu. Wosindikiza anafunsa ngati angapange china chaching'ono cha pabalaza pake. Ndinakana mwaukali woposa muyezo, mpaka anadabwa.

Tsitsi layamba kutsalira papilo. Ndawameta ndi lezala. Mutu wawo uli ndi chipsera kumbuyo chomwe sindimachidziwa. Akuti boneti inawagwera ali wophunzira ntchito. Zaka zonsezi bedi limodzi.

Mawu olemba pansi pa chithunzi asankha okha: Magazi a makaniko. Ndinafuna kuwonjezera dzina la matenda. Akana. Akuti wofuna kudziwa afunse.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Kutsegulira chionetsero. Amuna anga anafunitsitsa kupita, mpaka anandiuza ndisite jekete. Dokotala wakaniza. Thupi lilibe chitetezo, chimfine cha munthu mmodzi chikhoza kuwagwetsa. Jekete yangokhala pampando, yositasita.

Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Makoma oyera, magetsi olunjika bwino. Cha mchere chimaoneka ngati mzinda wouonera kumwamba. Koma aliyense amathera pa chija. Bambo wina anati ndi mphesa. Atsikana awiri anadzijambula pafoni ataima kutsogolo kwake, milomo atasongola. Ndinafuna kuwakankha. Kenako mmodzi anawerenga mawu apansi, anandifunsa, ndinamuuza. Anabweza foni m'thumba. Anati mayi ake inawatenga ndi nthenda yomweyi, ndipo sanadziwepo kuti imaoneka bwanji. Anayang'ana mpaka mnzake kumukoka.

Alamu anabwera. Sindinawaitane. Analowa ndi chikwama chawo chachikulu chija, osapereka moni kwa aliyense, molunjika. Anaima pamenepo ngati mtengo. Nditayandikira anafunsa osandiyang'ana, "Iyeyo ndi uti pamenepa?"

Ndinati onsewo, alamu. Ofiirawo ndi iwo, apepowo ndi iwonso.

Anagwira felemu m'munsi ndi zala ziwiri, monga muja ugwirira phazi la wodwala. Anatuluka osatsanzika.

Wina wa tayi amafuna kugula, akuti cha kuofesi. Mtengo womwe anatchula ukanatipumitsa. Ndati sichogulitsa. 

Loweruka, 30 Ogasiti

Ndawafotokozera amuna anga zonse. Za mphesa anaseka mpaka kutsokomola. Za alamu anati mlongo wangayo ukali wake ndi mantha, kuyambira ali mwana.

Funso lawo linali limodzi. "Anthu anaima?"

Anaima, bambo.

"Basi."

Thupi latentha kuyambira masana. Anamwino akuyenda mothamanga.

Lachitatu, 3 Seputembala

Kutentha sikukutsika. Matenda ena alowa m'mapapo. Awaika mpweya.

Ndinabwera ndi kamera. Dzuwa la m'mawa limagwa bwino pabedi lawo, ndimaliona tsiku lililonse. Atangoiona anapukusa mutu. Anachotsa chapamphuno chija kuti alankhule. "Chonchi ayi. Chija chakwana."

Ndaibweza m'chikwama.

Alamu ndi ine tikusinthana. Amandibweretsera madzi otentha m'fulasiki. Za chithunzi sitikambirana.

Loweruka, 6 Seputembala

Madzi okha, a pasupuni.

Dzanja lawo lapepuka. Girisi yense watha m'zikhadabo. Chikwatiraneni sindinazionepo zoyera chonchi. Si zawo.

Dokotala anandiitanira pakhonde.

Lolemba, 6 Okutobala

Ndatsegula situdiyo. Fumbi pagalasi, akangaude pa ambulera ya magetsi. Lendi sadziwa maliro.

Woyamba kulowa anali mayi wofuna cha pasipoti. Ndinati musamwetulire, mawu anatuluka bwinobwino. Ndinadabwa.

Chionetsero chinatsekedwa ine kulibe. Zina zinagulidwa, cha dzimbiri ndi cha gulugufe. Chachikulu chija anabweretsa kunyumba. Chili pabalaza, chayang'ana kukhoma. Sindingachitembenuze, sindingachitulutse. Ndimachilambalala ngati munthu wagona pansi.

Maikulosikopu ndaivundikira ndi nsalu.

Ovolosi yawo ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Alamu akuti ndiichape. Ndikaichapa fungo lichoka.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kwabwera anthu a kugalaja, onse, ndi maovolosi awo. Situdiyo inadzaza fungo la dizilo mpaka ndinagwira tebulo. Wolankhula anali mkulu uja wa zamagetsi a galimoto, amene amamutcha a Mawaya. Chipewa m'manja.

Akuti tsiku lomaliza la chionetsero anatseka galaja masana n'kupita onse. Mlonda anafuna kuwabweza poyesa abwera kudzakonza mapaipi. Akuti anachiona. Tsopano asonkherana, akufuna achigule, chikakhale kuntchito. Amuna anga kumeneko amawatcha a Foromani. "A Foromani sanazolowere kukhala m'nyumba masana, mayi. Atopa nako kuyang'ana khoma."

Kaya anawauza ndani zoti chayang'ana kukhoma. Mwina alamu.

Envelopu ya ndalamazo ndakana. Ndati mubwere ndi galimoto Loweruka.

Loweruka, 11 Okutobala

Anabwera ndi kalole kotsegula kumbuyo. Anayala matiresi, awiri anakhala kumbuyoko atachigwira uku ndi uku. Woyendetsa amazemba bampu iliyonse. Galimoto zakumbuyo kuliza mahutala, iye osasamala.

Galaja sindinalowemo chiyambire kudwala kwawo. Khoma la pamwamba pa benchi lawo analipaka laimu dzulo, likadali lonyowa m'makona. Zida zawo zili m'malo mwake, palibe wazigwira. Kalendala ya matayala anaichotsa.

Mkangano unabuka pa nkhani ya kumwamba ndi kumunsi. Wina akuti zikuluzikuluzo zikhale pansi chifukwa n'zolemera. Wina akuti ayi, kuholo sizinali choncho. Anandifunsa. Ndinati pa maikulosikopu palibe kumwamba, kolekani mmene mukufunira. Anayeza ndi levulo, kubowola, kumanga ndi mabawuti okhoza kugwira injini. Achikoleka chozondoka. Chikuoneka bwino chomwecho.

Kenako onse anabwerera m'mbuyo. Wailesi anazimitsa. Kunja wina amaliza hutala kufuna thandizo, palibe anatuluka.

A Mawaya anapukuta manja pansanza nthawi yaitali, maso ali pa zapepo zija. Anapukusa mutu. "Koma a Foromani. Munthu mpaka mkati momwe kukongola."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti zokongolazo ndi ziti.

Ndinangoti eya, a Mawaya. Anali choncho.