Mafumu Atatu Amene Mulenga Anataya

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Matero tilipo. Patha miyezi khumi chikuikireni m'manda, koma m'mawa ndimaiwalabe n'kutsira tiyi m'makapu awiri. Mkazi wa mlongo wanga Yona anabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Tsinya lanu lija watengera, amayang'ana munthu ngati akudziwa kale chimene wabisa. Kamunda kanu ka ku Chunga chimanga chinachita bwino, kungoti anthu ena anatithandiza kukolola tisanawapemphe. Denga la kuchipinda kwanu likudonthabe pamalo pomwe paja.

Koma chandigwiritsa cholembera si denga. Tiyamike, chitsirizira wanu, wapeza mwamuna. Dzina lake ndi Mulenga, kwawo ndi ku Kitwe, amagulitsa zipangizo za galimoto m'tauni. Ndi wofatsa, amanjuta popereka moni, ndipo sasamba m'manja akulu asanasambe. Mlongo wanu, amalume a Yohane, amene ndi nkhoswe ya Tiyamike, amukonda moti sakamba nkhani iliyonse osamutchula. Pakhomo pano amene mtima wake ukukana ndine ndekha, ndipo wandiyambitsa zimenezi ndinu.

Makadi anu aja akadalipo. Paja zaka zonse munagwira ntchito kumayadi, abwana anu ankasewera poka ndi anzawo Loweruka masana, inu mukuperekera tiyi. Kumeneko simunagwirepo khadi, koma maso anu ankasewera nawo. Atataya makadi akuthawo munabwera nawo kuno n'kutiphunzitsa, tikubetcha zitsekerero za mabotolo, poti munkati ndalama ikafika patebulo yasanduka njuga, ndipo azimayi anzanu a kutchalitchi asadzamve. Mpaka lero Lamlungu tikaweruka kumapemphero timayala mphasa pakhonde n'kusewera.

Ndikukumbukira mmene munkawerengera anthu. Wofooka amalowa ulendo uliwonse, ngakhale atagwira zinyalala, chifukwa sapirira kuona anzake akusewera iye atakhala. Amasuzumira makadi ake kawirikawiri ngati asintha. Akaluza amapsa mtima n'kubetcha zonse kuti abweze. Ameneyo ndi Yona wanu, ndipo sanasinthe. Wamphamvu amataya makadi ambiri osadandaula, amadikira, ndipo maso ake amakhala pa anthu. Munkati, "Wamene wawina lelo osamuyopa, ni mwayi chabe. Uziyopa wamene aziba kutaya." Munkatinso, "Kamwa ni ya boza, koma manja sanama."

Mulenga atabwera koyamba anati masewerawa sawadziwa. Posakaniza makadi ankawagwetsa, tonse n'kumaseka. Milungu inayi yotsatizana anapita kwawo wopanda ndi chitsekerero chimodzi chomwe, ndipo amalume ankamusisita paphewa kuti adzaphunzira. Koma Amayi, wophunzira uti amene amayang'ana makadi ake kamodzi kokha osawabwereranso? Wophunzira uti amene amadziwa kuti apa palibe changa, n'kutaya msanga nkhope ili chimodzimodzi? Ndinayamba kutsatira kumene zitsekerero zikulowera. Za Yona ndi zanga zinkapita kwa Mulenga pang'onopang'ono, osachita phokoso. Pomaliza, mulu wonsewo unkasamukira kwa amalume ulendo umodzi. Kwa ine sanaluzepo chachikulu ngakhale tsiku limodzi.

Kenako ndinapeza pamene manja ake amaululira. Akagwira makadi abwino, chala chake chimayamba kufoletsa zitsekerero pamzere wowongoka, mwini wake osadziwa.

Milungu iwiri yapitayo anazifoletsa bwinobwino. Amalume anakankha zawo zonse pakati, n'kutsokomola kawiri. Inu mukudziwa kuti mlongo wanu akamaopseza alibe kanthu amatsokomola, ngakhale nkhuku za pakhomo pano zikudziwa. Mulenga anapumira m'mwamba nati, "Awe, bamalume, mwanipaya," n'kutaya makadi ake chafufumimba. Inali nthawi yanga yogawa. Potolera ndinawapendeketsa pang'ono. Anali mafumu atatu, Amayi. Amalume analibe ngakhale awiri ofanana.

Nditamuuza Tiyamike, anati umenewo ndi ulemu, mkamwini sachititsa manyazi akuluakulu a kuchikazi. Anawonjeza kuti ndili ndi nsanje poti ukwati wanga unatha. Mawu amenewo anandipweteka, ndipo ndinalira kuseri kwa bafa ngati mwana. Ndakhala ndikudzifunsa kuti mwina akunena zoona. Mwina ndazolowera kukayikira amuna moti wabwino sindingamuzindikirenso. Koma ulemu ukanangomuuza kuti akhale pambali aziwonerera. Ulemu suphunzitsa munthu kugwetsa makadi dala kuti tizimuyesa mbuli.

Tsopano imvani za Lamlungu lapitali. Masewera atatha, amalume atawinanso, anakhala motambalala n'kuyamba nkhani ya nyumba ino. Anati mapepala akadali m'dzina lanu, ndipo akufunika kusinthidwa. Anati ife ana sitidziwa za maofesi, koma Mulenga amayendayenda m'tauni ndipo akudziwana ndi anthu, choncho timupatse mapepalawo akatikonzere. Yona anagwedeza mutu kuvomereza. Tiyamike ankangomwetulira. Nyumba imene munamanga njerwa imodziimodzi, mukuchapa zovala za eni ake, inatsala pang'ono kutuluka pageti ili m'thumba la jekete la mlendo.

Mulenga anakana. Anaweramitsa mutu nati, "Awe, bamalume, ivi ni vinthu va banja, ine siningangenemo. Nikali mulendo." Amalume anatiyang'ana tonse monyadira, ngati akuti mwaona ulemu wake, ndipo anayamba kumukakamiza kwambiri. Aliyense ankayang'ana nkhope yake yofatsayo. Ine ndinayang'ana pamphasa. M'manja mwake munalibe khadi, masewera anali atatha kalekale, koma chala chija chinali chikufoletsa zitsekerero za amalume, chimodzi ndi chimodzi, pamzere wowongoka.

Ndinawauza kuti kiyi wa sutikesi yanu ndinamusocheretsa. Ndinanama, Amayi, ndipo sindinatsokomole. Mapepalawo sali m'sutikesimo, ali pamene munkabisa shuga ife tili ana, ndipo malowo timawadziwa awiri, inu ndi ine.

Ukwati sindiuletsa, poti umboni wanga ndi mafumu atatu ndi chala chimodzi, ndipo palibe nkhoswe ingamve mlandu wotero. Tiyamike akhoza kundida chaka chonse, ndipirira. Koma ndikukulonjezani kuti mapepala anu satuluka m'nyumba muno ine ndili moyo. Lamlungu likubwerali ndikhala moyang'anizana naye, ndipo ndimuuza pamaso pa onse kuti asakanize makadiwo mmene amasakanizira akakhala kwa anzake.

Ndakusowani kwambiri. Mupereke moni kwa atate.

Ndine mwana wanu wachisamba, wokukondani,
Rute