Chipinda cha Mabedi Awiri ku Roccafredda

Torino,
21 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene Quirino,

Musadzidzimuke poona kalata yanga Khirisimasi isanafike, palibe amene wamwalira. Zaka khumi ndi zisanu zonsezi takhala tikungotumizirana makhadi olembedwa kale ndi anthu ena, ife n'kungosaina pansi ngati tikulandira katundu, koma nkhani ya lero singakwane pakhadi. Ndikhulupirira kuti chifuwa chanu cha kumigodi chikukupatsani mpata kumeneko ku Belgium, komanso kuti alamu anga a Odette ali bwino. Ine ndilipo. Mawondo okha ndiwo amandikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti ndimakhala pansanjika yachinayi m'nyumba yopanda chikepe.

Khonsolo ya kwathu ku Roccafredda yandilembera kalata. Zaka makumi atatu zimene tinalipirira kachipinda ka m'khoma la kumanda, kamene tinaikamo Mayi, zatha. Pa 14 Novembala, 9 koloko m'mawa, adzukulu a khonsolo adzachotsa mwala n'kutsegula bokosi. Pakadzakhala mwana wawo woti asaine, mafupa adzawaika m'kabokosi kachitsulo n'kuwalowetsa m'kachipinda ka Bambo, popeza malo awo adakali ndi zaka. Pakadzapanda kuoneka munthu, adzawatsanulira m'dzenje la onse lija kuseri kwa katchalitchi, kumene kulibe dzina ngakhale chithunzi. Ine ndipita. Zimenezo sindikupempha chilolezo kwa munthu.

Vuto linali pogona. Tangoganizani, ine wa zaka 66, wobadwira m'nyumba yachitatu kuchokera pampope, ndatha sabata yathunthu ndikusakasaka hotela yotchipa m'mudzi mwanga momwe, ngati Mjeremani wodzakwera mapiri. Penshoni ya munthu amene wakalamba akusoka makolala a malaya mukuidziwa, siilola matama. Ndinatenga foni imene anasiya malemu amuna anga a Gaspare, ndinavala magalasi, n'kuyamba kukanda ndi chala monga amachitira anthu m'basi. Mudzi wathu ulimo, achimwene. Aujambula mochenjera moti simungaone n'komwe kuti theka la nyumba lili ndi mazenera okhomedwa matabwa. Pansi pa zithunzizo alendo amalemba madandaulo awo. Wina akuti misewu ndi yotsetsereka kwambiri, ngati kuti anamunamiza kuti akupita kudambo. Wina akuti belu la tchalitchi limamudzutsa. Ndinakwiya ndili ndekha m'khitchini mpaka ndinayankhula mokweza. Belu limene linalira poika Mayi, iye akuti ndi phokoso.

Ndili pakati posakasaka choncho ndinaipeza nyumba yathu. Nayonso tsopano ndi yogonamo alendo. Aipaka laimu, pamene pankakhala makina osokera a Mayi aikapo mpando wofiira, ndipo m'khola la bulu muja muli bafa. Aitcha "nyumba yakale ya abusa a nkhosa", chonsecho Bambo sanawetepo ngakhale nkhosa imodzi. Usiku umodzi ndi mayuro 120. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinaika foniyo chafufumimba patebulo. Ndikanakhala nazo ndalamazo sindikanagonamobe, koma zinandiwawa kuti ndinalibe.

Pamenepa ndiyenera kunena chimene ndakhala ndikuchibisa. Kwa aliyense wondifunsa ndakhala ndikuyankha kuti nyumba anagulitsa ndi mchimwene wanga wa ku Belgium. Inunso ndinakuuzani zomwezo pafoni, ndi mawu amene sindifuna kuwabwereza. Koma tonse tikudziwa amene anayamba kusaina kwa loya tsiku lija, ndipo mtima wanga unapepuka nditasaina, chifukwa denga lodontha lija linali litanditopetsa. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo manyazi amafuna munthu womusenzetsa. Ndinasenzetsa inu chifukwa munali kutali. Kuyambira chaka chimenecho sindinapondekonso kwathu, ngakhale kumanda.

Tibwerere ku za hotela. Novembala kwathu ndi nyengo yakufa: oyenda m'mapiri apita, odzasewera pa chipale chofewa sanafike. Hotela yaikulu ya pamsewu yatseka mpaka Disembala. Ina ya kumtunda inandiyankha ndi makina. Inatsala imodzi yokha, kanyumba ka zipinda zisanu kuseri kwa positi, mayuro 38 pamodzi ndi kadzutsa, bafa la onse m'khonde. Ndinaimba Lachiwiri m'mawa.

Anayankha mayi wa mawu okhuthala, ndipo asanamalize moni ndinali nditamudziwa. Ndi Giuditta, mwana wa Sabatino wophika buledi, amene ankakhala kumbuyo kwanga kusukulu n'kumandikoka tsitsi. Mwina mukumukumbuka, kamtsikana ka mano otalikirana. Ndinafunsa za chipinda m'Chitaliyana chosalala cha kuno, ngati ndikuyankhula ndi dokotala. Iye anamvetsera, kenako anafunsa funso la kwathu lija, limene amafunsa munthu asanamupatse ngakhale madzi.

"Pepani mayi, mawu anuwo akumveka ngati ali ndi kafungo ka kuno. Ndinu a kwa yani?"

Mukudziwa kuti kwathu dzina la pachiphaso silitanthauza kanthu. Theka la mudzi ndi a Di Loreto. Chimene amafuna kumva ndi dzina lachipongwe la banja, ndipo lathu ndi lija la agogo amene anabwera kuchokera kumsika ataledzera, phazi limodzi lili pansi. A kwa Nsapatoimodzi. Ndinalira nalo dzina limeneli kusukulu, ndinalisiya pasiteshoni tsiku limene ndinakwera sitima ya ku Torino ndili ndi zaka 17, ndipo a Gaspare anamwalira asanalimvepo. Koma sikuti ndinalibisa chifukwa cha nsapatoyo ayi. Sindinafune kuti pofika madzulo mudzi wonse udziwe kuti mwana wa Annina akubwera kudzagona m'chipinda cholipira chifukwa kwawo kulibe khomo loti agogode. Ndiye ndinati ndine mayi Bertolotti a ku Torino, sindinafikeko kumeneko, adokotala andiuza kuti ndikapume mpweya wa kumapiri.

Giuditta anaseka, akuti mpweya wokha ndiwo ulipo wambiri, umalowera ngakhale pansi pa chitseko. Anandiuza kuti ndidzatenge malaya a mphepo, kuti madzi otentha amabwera m'mawa mokha, kuti ndikafuna chakudya chamadzulo ndiwonjezere pang'ono koma ndisayembekezere zachilendo, ndi mphodza, tchizi cha nkhosa ndi buledi basi. Atamva masiku amene ndikufuna anati ndachita mwayi, chifukwa sabata imeneyo akutsegula manda asanu ndi amodzi ndipo zipinda zitatu atenga kale anthu a ku Roma. Pakamwa pake sipanasinthe, achimwene. Poona kuti ndine mlendo wosadziwa aliyense, anamasuka n'kuyamba kundiwerengera mabanjawo limodzi limodzi, amene akubwera ndi amene akukanganirana mtengo wa kabokosi. Atafika pa achisanu ndi chimodzi mawu ake anatsika.

"Amene akundimvetsa chisoni ndi a Annina a kwa Nsapatoimodzi. Amenewo ndiye akupita kudzenje. Ana awo awiri anatchona kalekale, wina ku Belgium, wina kwanu komweko ku Torino, mwina mumakumana naye pamsika. Anagulitsa nyumba, basi ziii. Ine ndimawayatsira kandulo tsiku la akufa, chifukwa anandisokera diresi la ukwati mayi amenewo. Ndinapita kukhonsolo kuti ndisaine ndine, andikaniza, akuti si ine magazi awo. Kubereka n'kutchova juga, mayi Bertolotti. Inu muli ndi ana?"

Ndinayankha kuti ndilibe, chimene chinali choona chokha chimene ndinanena m'mawa umenewo. Kenako ndinati ndiyambe ndaganiza za mtengowo, n'kudula foni.

Masiku awiri sindinatuluke m'nyumba. Palibe amene anazindikira, ndipo zimenezo ndizo zinandiopsa. M'nyumba muno tilimo mabanja khumi ndi anayi, koma tikakumana pamasitepe ndi "mwadzuka bwanji mayi", basi, aliyense n'kutseka chitseko chake. Chimwalirire a Gaspare zaka zinayi zapitazo, pali masiku amene mawu anga oyamba ndimayankhula madzulo, pouza wogulitsa buledi kuti andipatse theka. Ndasungulumwa, achimwene, ndipo ndatopa n'kunamizira kuti ndi mtendere. Ndinkakhala pazenera ndikumvabe mawu a Giuditta. Poyamba ndinamukwiyira, ndimvekere ndani anamutuma kuti aziyatsa makandulo pamanda a eni. Kenako ndinaona kuti mayiyu sananame ngakhale liwu limodzi.

Lachisanu m'mawa ndinaimbanso. Atandizindikira anati, "Ehe, ndi amayi a mpweya aja. Mwauona bwanji mtengo?" Ine ndinali nditakonzekera mawu ambiri aulemu, koma onse anathawa. Chimene chinatuluka chinali chiyankhulo cha kwathu, chimene ndinkayesa kuti ndinachiiwala. Ndinati unandifunsa kuti ndine wa kwa yani, ndine wa kwa Nsapatoimodzi, wamng'ono uja.

Pafoni ndinkangomva wailesi ikuyankhula chapatali ndi supuni ikugunda kapu.

"Palmira, ndiwe?" anatero pamapeto pake. "Mfiti iwe. Unangondisiya ndikubwebweta ngati wamisala, iwe uli phee kumeneko? Tamvera, zimene ndinanena zija sindibweza ngakhale chimodzi."

Ndinati usabweze.

"Ndipo mtengo sinditsitsa, mafuta otenthetsera nyumba sadziwa kuti tinaphunzira limodzi. Koma sudzadya m'chipinda chodyera ndi anthu a ku Roma. Udzadya kukhitchini ndi ine, ndidzakutukwane bwino."

Ndinalira, achimwene, foni ili kukhutu, ndipo si chifukwa cha kutukwanako. Ndi ka "iwe" kaja. Chiikire a Gaspare m'manda palibe amene anandinenapo kuti iwe. Kubanki ndine inu, kuchipatala ndine inu, kutchalitchi ndine inu. Ulemu wandikwana mpaka pakhosi. Ndinawerenga anthu amoyo amene anganditche iwe popanda kupempha, ndinapeza awiri okha, Giuditta ndi inu.

Atandilola kumina, anayamba za ntchito yake. Anati chatsala chipinda chaching'ono cha bedi limodzi choyang'ana khoma la positi, ndi china cha mabedi awiri chimene chili pamwamba pa khitchini, chofunda bwino, koma chokwererapo pang'ono. Anandifunsa kuti ndilembe chiti. Sanatchule dzina lanu, koma anadikira nthawi yaitali kuposa mmene munthu amadikirira yankho la chipinda. Ine amene ndinatha sabata ndikuthawa yuro iliyonse yoonjezera, ndinamva pakamwa panga pakuti cha mabedi awiri.

Ndiye ndachita chinthu popanda kukufunsani, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, kuti musandiyankhe msanga. Kusaina ndikhoza kusaina ndekha, khonsolo ikufuna dzanja limodzi basi. Koma Giuditta wandiuza mmene zimakhalira. Akatsegula bokosi, adzukulu amabwerera m'mbuyo, amavula zipewa, n'kuuza wachibale kuti ayandikire aone, asanayambe kutola. Ine ndi amene ndinawaveka Mayi diresi lawo lakuda ndi korona m'manja, inu ndi amene munanyamula bokosi mbali ya kumutu. Sindikudziwa chimene ndidzaone m'menemo, ndipo ndikuopa kuchiona ndili ndekha, anthu a ku Roma atazungulira akufa awo m'magulumagulu, ine ndili chiriri ndi kachikwama m'manja. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Pa 14 ndikaona ndi maso anga ngati fupa siliola, koma za chibalezo ndi inu mungandiuze.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali kwa munthu wa chifuwa ngati chanu, ndipo ndikudziwanso kuti mawu amene ndinakunenani aja sanafufutike ndi makhadi a Khirisimasi. Ngati simungathe, sindidzauzanso munthu kuti munakana. Zonamizira inu ndasiya. Ngati mungathe, mudzatenge malaya ochindikala ndi mankhwala anu onse, chifukwa sitolo ya mankhwala kwathu imatsegula kawiri pasabata. Masitepe a kwa Giuditta ndi khumi ndi awiri, ndafunsa, ndipo pakati pali pokhala kuti munthu apume. Akuti bedi la kukhoma ndilo lofewa, limenelo ndi lanu. Ndimaliza mkonono masiku ano, muyenera kudziwiratu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Odette, muwauze kuti ndikubwerekani masiku atatu okha. Moni kwa ana anu Rocco ndi Mireille, ndi kwa adzukulu amene ndimangowadziwa mayina. Basi yokwera kwathu imanyamuka pasiteshoni ya ku Sulmona kamodzi kokha patsiku, mphindi khumi itadutsa 2 koloko masana. Pa 13 Novembala ndidzakhala pampando wa kumbuyo kwa dalaivala. Pampando wa pambali panga ndidzaikapo chikwama, ndipo aliyense wofunsa ndidzamuuza kuti pali munthu, mpaka dalaivala atatseka chitseko.

Ndine mlongo wanu,
Palmira wa kwa Nsapatoimodzi