Nandolo wa amayi wapsa

Lamlungu, 12 Okutobala

Amake Favour,

Mukaweruka simundipeza, ndabwerera kumudzi kwanu ku Milonde.

Phwando la mowa lija, limene mnzanga Noel anatengera ku Germany komwe ankaphunzira, latha moipa. Tinamanga matenti m'mphepete mwa munda wa amayi anu. Ku Germany Okutobala kumazizira, koma ife tinaiwala kuti kuno udzu umakhala utaumiratu. Dzulo masana tikuotcha masoseji, mphepo inaulutsira khala pa udzu. Palibe wavulala, koma nandolo yense amene anali asanathyoledwe wapsa. Mbaula ndinayatsa ndine, osati Noel. Mowawo ntchito yabwino imene wagwira ndi imodzi: tinazimitsira moto.

Amayi sanamvebe. Ali ku maliro ku Nkando, abwera mawa masana. Mkamwini sangakaime yekha pamaso pa apongozi ndi nkhani yotere, ndiye ndikukapempha amalume anu, a Simon, kuti akandiyankhulire. Inu mubwere mawa m'mawa, ndipo chonde musawaimbire foni amayi. Asamve ali pamaliro.

Munandiuza kuti tikachitire kumtsinje, pamchenga. Sindinakumvereni. Pepani.

Evance