Tadala sagulitsanso manachesi

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Thambani. Tonse tili bwino, kupatula amayi, bondo lija likuwavutabe. Kaya inu ku Joniko?

Ine zolankhula mozungulira sindizitha. Sukulu anatsegulira Lolemba, koma Tadala wanu, mwana woti anasankhidwa kupita Fomu 1, sanaoneke. Aphunzitsi aakulu anandiuza kuti akapanda kufika sabata ino, malo ake apatsa wina. Ndinakwera pikapu mpaka kumalire, n'kukamupeza atasenza beseni la manachesi, akuthamangira madalaivala a mathiraki. Alamu anga, osachita n'komwe manyazi, akuti, "Bambo ake ndiwo analola pafoni, adzayamba teremu yamawa."

Teremu yamawa! Achimwene, malo amadikira munthu? Ine kulemba ndinaphunzira ndekha pamakatoni a sopo chifukwa bambo athu ananenanso zomwezo, inu mukupita kusukulu mutatchena yunifolomu.

Ndinamutula beseni pompo, n'kubwera naye kwathu. Lero walowa m'kalasi atavala siketi yakale ya Chisomo wanga.

Muwaimbire akazi anuwo, asayerekeze kudzamutenga. Nsapato alibe, mutumize. Mulungu akusungeni, akuwonjezereninso nzeru.

Ndine mlongo wanu,
Esinati